Miyala ya Esinala

Alangizi anabwera pa njinga yamoto,
matope a Limbuli ali m'mawondo,
najambula makwerero pa bolodi ndi choko choduka.
Patsinde, anati, ndi poloweza.
Pamwamba pake kumvetsa, kenako kugwiritsa ntchito,
kusanthula, kuweruza,
ndipo kunsonga, komwe choko chinawathera,
kupanga chako chomwe sunachione pena.
"Ana musawasiye patsinde, a Mukhova.
Cholinga cha phunziro chizikwera."

Ndinagwedeza mutu ngati ndaiwala
kuti ndili nawo zana ndi khumi m'chipinda chimodzi,
mabuku khumi ndi atatu,
ndi malata omwe mvula ikayamba amaphunzitsa okha.

Usiku, tochi ili m'kamwa, ndinalemba chikonzero:
ophunzira atchula, ophunzira abwereza, ophunzira akopera.
Onse atatu a patsinde.
Ndinafufuta limodzi, ndinalibwezeranso.
Mayeso safunsa mwana zomwe akuganiza,
amangofuna magalamu angati mu kilo, basi.

Esinala Namaona amakhala kumbuyo, pa windo losweka.
Amafika belu litalira kale,
siketi itanyowa ndi mame a m'mizere ya tiyi
komwe amakasiya mbatata ya amake.
Seveni kuchulukitsa ndi eyiti amamugwetsa chaka chino chachiwiri.
M'mutu mwanga ndinali nditamuika kale
pansi pa makwerero, pomwe pamakhala nsapato.

Lachitatu ndinafunsa za kilo,
kalasi yonse inayankha ngati kwaya: chikwi chimodzi!
Mkono umodzi unatsala m'mwamba.
"Aphunzitsi, kilo ya kumunda ndi kilo ya kugolosale
ndi pachibale?"
Anzake anaseka. Iye sanaseke.

Anati anabwereka paketi ya shuga,
namanga nsungwi pa nthambi ya mango,
uku shuga, uku mwala wa mu Muloza,
mpaka nsungwi itagona chogona.
Sabata ziwiri akutola, akuyesa, akutaya,
anapeza miyala khumi ndi iwiri yolemera mofanana.
Dengu la amake linakweza yonse.
Kusikelo kalaliki analemba khumi.

"Akuti ziwirizo ndi za mame.
Ndiye ndinayesa la masana, dzuwa lili paliwombo,
masamba ali gwaa.
Zinasowanso ziwiri.
Aphunzitsi, mame a masana amachokera kuti?"

Kunja thirakitala inadutsa ndi matumba obiriwira.
Ndinayang'ana makwerero aja,
poti palibe anawafufuta chichokereni alangizi,
kufuna sitepe yoti ndimuikepo mwanayu.
Anali ponseponse,
kupatula yoyamba ija.

Ife obadwira kuno timadziwa
kuti phirili salikwera njira imodzi.
Pali ya alendo, ya zikwangwani ndi popumira,
palinso ya amayi a nkhuni
yomwe simuiona mpaka mtolo utatulukira m'nkhungu
pamwamba panu.

Sindikunyoza makwerero, ayi.
Akadapanda kujambulidwa
bwenzi nditati khala chete, funso lako silili m'buku.
Ndi omwewo anandiuza kuti chomwe ndamva
chili ndi dzina, ndipo n'chapamwamba.

Lachisanu ndinapereka kayeso.
Seveni kuchulukitsa ndi eyiti, Esinala analemba fifite-folo.
Ndinathetha ndi cholembera chofiira
monga lamulo linenera,
koma dzanja linalemera ngati mwala wa mu Muloza.

Ndamuuza abwere nayo Lolemba, yonse khumi ndi iwiri,
anyamata a kutsogolo amuthandize kusenza.
Matebulo tidzawaloweza ndithu, sindinawasiye,
koma tidzawerengera pa miyala yakeyo.
Za kalaliki sindikudziwa ndiyambira pati;
mlamu wanga amadyera pa sikelo yomweyo.

Tochi yayamba kufiira.
Pamzere wa cholinga ndalemba mawu
omwe pa mndandanda wa alangizi sindinawaone:
pakutha pa phunziroli,
ophunzira afunsa.